Kayaki, Bwato ndi Madzi Odikha a ku Malindi

Mawu akuti kayaki anatipeza kudzera m'Chingerezi, koma si a Chingerezi. Eni ake ndi anthu a mtundu wa Inuit a ku Greenland ndi kumpoto kwa Canada, amene ankamanga timitengo totola m'mbali mwa nyanja n'kutikuta ndi zikopa za nyama za m'madzi, kuti apeze kabwato ka munthu mmodzi kopitira kosaka. Kwa iwo kayaki inali ngati khasu kwa mlimi wa ku Ntcheu: amene analibe ankagona ndi njala. Za masewera zinabwera pambuyo, munthu wina wa ku Britain, John MacGregor, atapangitsa kabwato kotengera kayaki mu 1865 n'kuyenda nako m'mitsinje ndi m'nyanja za ku Ulaya. Pofika mu 1936 mpikisano wa makayaki unali utalowa m'masewera a Olimpiki ku Berlin. Makayaki ambiri amene timawaona lero ndi a pulasitiki.

Mawu akuti bwato nawo ali ndi mbiri yaitali. Wolankhula Lingala ku Congo amati bwato, Mbemba ku Zambia amati ubwato, Mtumbuka ndi Myao amati wato. Nkhafi nayo ili ndi abale ake: kafi m'Chiswahili, nkai mu Lingala. Aliyense amene anakhalako m'kalasi la mbiri ya zilankhulo za Chibantu akudziwa tanthauzo la kufanana kotereku. Makolo athu ankapalasa kale asanabalalike, ndipo mawuwa anayenda nawo m'mitsinje mpaka kufika pa nyanja imene inapatsa chilankhulo chathu dzina lake lakale, Chinyanja, lisanasinthidwe mu 1968.

Ndayamba ndi mawu awiriwa chifukwa pa gombe la kumwera kwa nyanja ya Malawi amakhala ngati bwana ndi wantchito wake. Kayaki ndi ya mlendo wolipira madola, bwato ndi la msodzi. Mlendo asanaponde m'madzi amavekedwa jekete loyandamitsa munthu, amaonetsedwa kagwiridwe ka nkhafi, amauzidwa chochita chombo chikagubuduka, ndipo zonsezi amazimva m'Chingerezi. Mwana wobadwira pa gombe lomwelo amaphunzira yekha mozemba, ndipo akakhala wamkazi saphunzira n'komwe. Mfundo yanga ndi yakuti maphunziro a munthu woyamba kumene kupalasa ayenera kuperekedwa kwa ana a m'mbali mwa nyanja, anyamata ndi atsikana omwe, m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo kuti potero kayaki ndi bwato zikufunika zonse ziwiri. Kayaki ili ndi mwambo wa kudziteteza umene bwato lilibe. Koma nzeru za nyanja ino, zimene zimaweruza ngati munthu abwerera kumtunda kapena ayi, zili m'kamwa mwa eni mabwato.

Kwa amene sanafikeko: ukachoka pa boma la Mangochi n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, umasiya msewu wokwera ku Chowe ndi Namwera n'kukhotera kumanzere, msewu wa ku Makanjira. Ukayenda makilomita pafupifupi 20 wafika pa Malindi, pamene pali mishoni yakale ya Anglican, chipatala cha St Martin's ndi sekondale ya atsikana ya St Michael's. Kumbuyo kuli mapiri a Namizimu, kutsogolo kuli nyanja, ndipo kunja kukayera umaona tsidya linalo, cha ku Nkopola, komanso chilumba cha Boadzulu. Kuno ndi kumchira kwa nyanja. Ndi kopapatiza ndiponso kosazama poyerekeza ndi kumpoto kumene madzi amafika mamita 700 kupita pansi. Mafunde amakula malinga ndi kutalika kwa madzi amene mphepo yayendapo, choncho mwera umene umautsa mafunde oopsa ku Nkhotakota, ku Likoma ndi ku Nkhata Bay umadutsa kwathu usanakhwime. Munthu wofuna malo ophunzitsira atsopano angati wapeza.

Apa ndi pamene ndikufuna kuti tichedwepo, chifukwa mawu akuti madzi odikha ndi amene amapusitsa anthu. Mabuku ophunzitsa kayaki amene ndawerenga analembedwera anthu a m'mbali mwa nyanja zamchere za ku Ulaya ndi ku America. Amathera masamba ambiri pa kuphwa ndi kudzaza kwa nyanja kawiri pa tsiku, komanso pa madzi ozizira amene amaumitsa manja m'mphindi zochepa. Ife zonsezi tilibe. Nyanja yathu imakwera ndi kutsika potsata nyengo ya mvula osati maola, ndipo madzi ake a pamwamba amakhala pa madigiri oposa 20 chaka chonse. Wowerenga mabuku amenewa angaganize kuti nyanja ya Malawi ndi beseni losambitsiramo mwana. Chimene sangapezemo ndi dzina la mphepo ngakhale imodzi ya kuno.

Chichewa chili ndi chinthu chokongola chimene ambiri timachitchula osachiona. Mayina a mbali za dziko ndi omwewonso mayina a mphepo: kumwera ndi mwera, kumpoto ndi mpoto, kuvuma ndi vuma, kuzambwe ndi zambwe. Mwana wa ku Lilongwe amaloweza mawuwa mu Sitandade 4 monga mivi inayi yojambulidwa pa bolodi. Kwa msodzi ndi alendo anayi, aliyense ndi nyengo yake ndi khalidwe lake. Mwera ndi wa miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala, ndipo ukayamba ukhoza kuomba masiku angapo osapuma. Mpoto ndi wa nyengo ya mvula, ndipo ndi umene umafika kwathu utayenda nyanja yonse, mafunde ake ali okhwima. Gombe limene labisala kwa mphepo imodzi limakhala pa mtetete kwa inzake. Mudzi wa Chembe ku Cape Maclear unayang'ana kumpoto chakumadzulo, mapiri ali kumbuyo kwake, motero mwera umaulambalala, koma mpoto umaupeza maso ndi maso. Palibe gombe lodikha chaka chonse. Lilipo lodikha lero, mmawa uno, kwa mphepo iyi.

Kwa woyamba kumene pa Malindi, mphepo yoopsa kwambiri si imene imachita phokoso. Ndi vuma, wochokera kumapiri, ndi mphepo ina iliyonse yoomba kuchoka kumtunda kulowa m'nyanja. Ikamaomba, madzi a pafupi ndi gombe amakhala salalala ngati mphasa, chifukwa mapiri ndi mitengo zawatchinga. Wophunzira amakankha chombo chake mtima uli m'malo. Popita sathodwa n'komwe, poti mphepo ikumukankha kumsana, ndipo amadziona ngati katswiri. Vuto limaoneka potembenuka. Munthu watsopano amayenda makilomita atatu kapena anayi pa ola madzi akakhala bata, ndipo mphepo yoposa makilomita 20 pa ola ikamuomba kumaso liwiro limenelo limatha. Amapalasa koma mitengo ya kumtunda imangocheperachepera. Apa kupepuka kwa kayaki, kumene kuli ubwino wake, kumasanduka tsoka: imakhala pamwamba penipeni pa madzi, mphepo n'kumaiseweretsa ngati chikho. Munthu akagwa n'kuitaya, imathawa mwachangu kuposa mmene iye angasambirire. Mabuku aja amachenjeza ndithu za mphepo yochokera kumtunda, sindikuwanamizira. Koma sangakuuze kuti pa gombe ili imayamba nthawi yanji, kapena kuti madzi a kutali akada bii ndiye kuti yafika kale kumeneko. Amene angakuuze ndi bambo amene wakhala pansi pa mtengo akusoka matchera.

Palinso china. Kwa Mngerezi, malo obisika a bango ndi madzi osayenda ndi abwino koposa kwa wophunzira. Kwathu amenewo ndi malo a eni ake. Ng'ona ndi mvuu zimakonda pa mathiriro a mitsinje, m'mabango, ndi kumene nyanja imatsanulira mu Shire kulowera ku Malombe. Mvuu imadya kumtunda usiku n'kubwerera m'madzi m'bandakucha, ndiye nthawi yomweyo imene nyanja imakhala bata ndi imenenso ungakumane nayo, ndipo ikakhala ndi mwana simvera za munthu. Mu Meyi 2023 mvuu inagubuduza bwato limene linanyamula anthu 37 pa Shire ku Nsanje, ndipo ambiri sanatuluke amoyo. Madzi osayenda ndi kwawonso kwa nkhono zofalitsa likodzo. Kale tinkangodziwa la m'chikhodzodzo, lokodzetsa magazi, koma ofufuza anapeza mu 2017 ndi 2018 kuti nkhono zofalitsa likodzo la m'matumbo zafika m'magombe a Mangochi, ndipo matendawa anapezeka mwa ana a sukulu. Mankhwala ake, praziquantel, alipo m'zipatala, koma wophunzitsa ana m'madzi ayenera kudziwa zimenezi asanasankhe malo. Onjezanipo matchera otchedwa pansi pang'ono pa madzi, ndi maboti a injini a chilimira amene dzuwa likapendeka amanyamuka motsatizana osayembekeza kuti patsogolo pali kanthu kakang'ono ka pulasitiki.

Tsono wina angati: ngati asodzi akudziwa zonsezi, kayaki tikuifuniranji? Asiyeni aphunzitse ana awo monga akhala akuchitira. Funso ili ndi lolemera, ndipo kwa ine si la m'buku ayi.

Ndinabadwira ku Malindi, mtunda woti ukagona usiku umamva mafunde. Ndinatsuka mbale m'nyanja, ndinachapa m'nyanja, ndinanyamula mabeseni a usipa kuchoka pa dooko kukayanika pa thandala. Alongo anga anaphunzira kupalasa mmene anyamata onse a kwathu amaphunzirira: masana, eni mabwato akugona atachezera usiku pa nyanja, iwo ankakankha bwato mwakachetechete, kugubuduka, kumwa madzi, kusekana, kukapa, kukweranso. Palibe amene anawaphunzitsa ndipo palibe amene anawaletsa kwenikweni. Ine ndinagwira nkhafi koyamba ndili ndi zaka 20, ku Chembe, pa ulendo wa ophunzira a chaka chachiwiri, pa loji ina yobwereketsa makayaki. Nditabwerera kumudzi pa tchuthi ndinafunsa amalume anga, amene kwathu timawatchula kuti amjomba: "Kodi amjomba, inu munapalasa moyo wanu wonse, bwanji ine simunandionetseko?" Iwo anaseka n'kuti, "Iwe mwana, mkazi ndi nkhafi wapi ndi wapi? Ukanapita kuti?" Sanayankhe mwankhanza. Funsolo linali lisanawafikepo m'mutu.

Koma akazi a kwathu amapita. Amakwera maboti odzaza kukagula nsomba m'madooko ena, amakwera popita ku maliro ndi ku maukwati, ana ali kumbuyo, zitenje ziwiri m'chiuno. Mwambo umene umati mkazi asagwire nkhafi sumuletsa kukhala katundu wa m'boti. Ndipo njira ya anyamata ija, ngakhale imatulutsa akatswiri, ili ndi chinyengo chimodzi: timawerenga okhawo amene anapulumuka. Amene sanakwerenso timawaika m'manda n'kunena kuti linali tsiku lawo, kapena kuyamba kulozana zala za ufiti. Bungwe la World Health Organization linanena mu lipoti lake la 2024 kuti anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi mu 2021 pa dziko lonse, ndipo asanu ndi anayi mwa khumi alionse anali a m'maiko osauka ndi apakatikati. Mu 2021 bungwe la United Nations linakhazikitsa 25 Julaye kukhala tsiku lokumbukira kupewa ngozi zomira. Ndi tsiku logwa pakati penipeni pa mwera.

Mbiri ya nyanja yathu ili ndi phunziro limene anthu a ku mishoni ya Malindi amalidziwa bwino. Pa 2 Seputembala 1895, Chauncy Maples, atangodzozedwa kumene kukhala bishopu wa Likoma, anali pa ulendo wa pa nyanja pamene boti lake linagubuduka ndi namondwe. Aafirika amene anali nawo anasambira mpaka kumtunda. Iye anamira, ndipo mbiri imati mkanjo wake wautali utanyowa ndi umene unamukokera pansi. Sitima imene inatchedwa dzina lake inayamba kuyenda pa nyanjayi mu 1901. Ndikamva nkhaniyi sindiganiza za bishopu, ndimaganiza za zitenje zija. Palibe amene anauzapo amayi anga kuti nsalu yonyowa imamanga miyendo, kapena kuti boti likagubuduka chinthu choyamba ndi kuligwiritsitsa osati kuyesa kusambira kupita kumtunda. Ndipo pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya, yachitsulo, yatsopano, inamira kumpoto kwa nyanja ndi anthu 145. Ngozi imeneyi imakumbukiridwa pa chipilala pafupi ndi mlatho pa boma la Mangochi, pamene ambiri timadutsa pa kabaza osatembenuka.

Apa ndi pamene mlendo wadza ndi kalumo kakuthwa. Bwato la pa nyanja yathu ndi chombo chovuta kuyambirapo. Kamwa lake ndi lopapatiza, milomo yake inapindikira mkati, wopalasa amakhala pamwamba pa milomoyo, ndipo thupi likapendekera pang'ono bwato limagudubuzika ngati chipika, poti ndi chipikadi. Ndi lolemera, loti mwana sangalikoke yekha. Ndi chuma cha banja, ndipo mitengo ikuluikulu ngati mbawa itasowa, ena akusema mango amene sachedwa kuwola, choncho palibe bambo amene angapereke bwato lake kuti ana aziligubuduza dala. Kayaki ya mtundu wokhala pamwamba ndi yosiyana. Munthu amakhala pansi, pafupi ndi madzi, ndiye sagwa msanga. Nkhafi yake ili ndi mitu iwiri, kotero chombo chimayenda molunjika popanda luso losinthasintha mbali. Mkati mwake ndi motseka, muli mpweya, ndiye ikagubuduka sidzaza madzi: umaitembenuza n'kukweranso. Atsikana awiri akhoza kuinyamula. Ndipo chachikulu si pulasitikiyo koma mwambo umene umabwera nayo, wakuti sulowa m'madzi wopanda jekete, supita wekha, umauza wina kumtunda kumene ukupita ndi nthawi yobwerera, ndipo phunziro loyamba ndi la kugwa. Asodzi athu ambiri amaona jekete ngati chizindikiro cha mantha, ena amati kulivala n'kudziitanira tsoka. Mwana amene analivala ali ndi zaka khumi, akusewera, sadzaliona choncho akadzakula.

Ku Chembe kuja ndinaona chinthu chimene chinandikhalitsa pansi monga wophunzira zilankhulo. Wotiphunzitsa anali mnyamata wa m'mudzi momwemo, ndipo tonse tinali Amalawi olankhula Chichewa. Koma malangizo onse a kavalidwe ka jekete, kagwiridwe ka nkhafi ndi kakweredwe anawanena m'Chingerezi, mawu ondondozana bwino ngati pemphero loloweza. Mmodzi wa ife atafunsa ngati tingafike ku chilumba cha Thumbi, mnyamata uja anayang'ana kumwamba, anayang'ana madzi, n'kuyankha m'Chichewa chokhachokha, kufotokoza mphepo imene ankaiyembekeza dzuwa likafika pamutu ndi mbali imene ingatikankhire. Sanazindikire kuti wasintha chilankhulo. M'mutu mwa munthu mmodzi munali nkhokwe ziwiri: ya chitetezo yotsekedwa m'Chingerezi, ya nyanja yotsekedwa m'Chichewa. Alendo amene amapalasa kupita ku zilumba za Domwe ndi Mumbo, kumene kampani ya Kayak Africa inatsegula misasa yake mkati mwa Lake Malawi National Park, amalandira nkhokwe yoyamba ndipo yachiwiri amaibwereka mwa kuyenda ndi wowatsogolera. Mwana wa m'mudzi amatola yachiwiri pang'onopang'ono, yoyamba osaimva n'komwe.

Ntchito yotsegula nkhokwe yoyamba ija ndi yathu ife a m'dipatimenti ino, ndipo si yongomasulira liwu ndi liwu. Tengani mawu awiri awa, kusamba ndi kusambira. Amasiyana ndi kachidutswa kamodzi kokha, koma pakati pawo pali imfa. Mwana amene amasamba m'nyanja tsiku ndi tsiku, madzi olekeza m'chiuno, makolo ake amamuwerengera pamodzi ndi odziwa kusambira. Ndikanakhala wolemba phunziro loyamba ndikanayambira pomwepa, ndi kuwonjeza mawu achitatu amene ndi ofunika kuposa onsewo, kuyandama: kugona chagada pa madzi, osamenya manja, kupuma, kudikira. Madzi a nyanja yathu alibe mchere, ndiye sanyamula thupi mmene amachitira a ku Beira kapena ku Zanzibar, ndipo luso limeneli liyenera kuphunziridwa ndithu. Mawu ena tili nawo kale ndipo ndi akuthwa: kupalasa, kukapa, kukocheza, kugubuduka, dooko, gombe, namondwe, bata. Ena tiyenera kugwirizana. Jekete lija ena amangoti laifijaketi, ndipo ine sindikuona cholakwa ngati agogo akumudzi alimva. Kayaki yeniyeniyo Chichewa chinailandira kale mwa njira yake. Ngakhale imayamba ndi ka, sindinamvepo munthu akuti kayaki kanga kapena tiyaki tiwiri. Anthu amati kayaki yanga, makayaki awiri, monga kalata ndi makalata. (Bwato nalo likusamuka gulu ife tikuona: agogo amati bwato bwanga, wailesi imati bwato langa, ndipo m'nkhani ino ndatsata wailesi.)

N'chimodzimodzi ndi machenjezo a nyengo. Nthambi yoona za nyengo imalengeza ndithu mwera ukamabwera, ndipo mawailesi a m'dera ngati Dzimwe amafikitsa uthengawo m'midzi. Koma makilomita 40 pa ola ndi chiyani kwa mtsikana wa Fomu 1 amene waima pa mchenga? Nambala iyenera kusanduka chinthu chooneka ndi maso: nthambi zikuluzikulu zikamagwedezeka, mafunde akayamba kuchita thovu loyera pamutu, chitenje choyanikidwa chikamaima chopingasa. Asodzi ali nazo zizindikiro zoterezi zambirimbiri, m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo zimasiyana dooko ndi dooko. Chaka chilichonse timalemba kafukufuku wa miyambi ndi nyimbo za chinamwali, zimene ndi zabwino, koma mawu a mphepo ndi mafunde a pakati pa Malindi ndi Makanjira akanakwana ophunzira angapo a chaka chomaliza, ndipo a Centre for Language Studies ku Zomba akanapeza zowonjezera mu mtanthauziramawu.

Chitsutso chachikulu ndi cha ndalama, ndipo sindichipeputsa. M'dera limene chambo chinachepa, kumene ana ambiri amasiya sukulu n'kukakoka makoka, kulankhula za makayaki kukhoza kumveka ngati kunyoza. Kayaki imodzi ndi yodula, yochokera kunja, ndipo palibe sukulu ya pulaimale imene ingaigule. Koma sindikunena kuti mwana aliyense akhale ndi yake. M'malo ogona alendo amene andandalika kuchokera ku Mangochi mpaka ku Monkey Bay, makayaki amagona pa mchenga masiku ambiri a pakati pa sabata. Malo amenewa anatenga magombe abwino koposa, ena mpaka kutchinga njira za kumadzi, ndiye kubwereketsa zombo zinayi kwa ana a m'mudzi woyandikana nawo mmawa umodzi pa sabata si chifundo chopitirira muyeso. Aphunzitsi sakusowa. Ku Mpwepwe kuli Malawi College of Fisheries, ku Monkey Bay kuli sukulu ya za sitima ndi apolisi a pa madzi, ndipo m'madooko muli makomiti aja anthu amangowatchula kuti ma BVC, amene anayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993. Makomitiwa anakhazikitsidwa kuti ateteze nsomba. Palibe chowaletsa kutetezanso ana.

Anzathu ena osauka ngati ife anayamba kale. Ku Bangladesh pulogalamu ya SwimSafe imaphunzitsa ana kusambira m'maiwe a m'midzi, atamangamo kathandala ka nsungwi kuti mwana asapite pakuya. Ku Nungwi, pa chilumba cha Zanzibar, Panje Project inaphunzitsa atsikana achisilamu kusambira atavala zovala zofunda thupi lonse zopangidwira m'madzi, akugwira zigubu zopanda kanthu pophunzira kuyandama. Chitsanzo chachiwirichi chikutikhudza kwambiri, chifukwa mabanja ambiri a kwathu ndi achisilamu, ndipo kholo limene likukana kuti mwana wake wamkazi avule pamaso pa anthu silikulakwa. Yankho ndi chovala choyenera, aphunzitsi aakazi, ndi nthawi ya atsikana okha. Zigubu ndiye tili nazo nyumba iliyonse.

Phunziro loyamba pa Malindi ndimaliona motere. Malo ndi a mchenga woyera, kutali ndi bango ndi mathiriro a mitsinje, dzuwa litakwera ndithu koma mphepo ya masana isanadzuke. Ana asanu ndi mmodzi, osapitirira apo, aliyense ndi jekete lomangidwa bwino loti ukalikoka m'mapewa silikwera kufika m'makutu. Tsiku limenelo palibe ulendo. Amayandama chagada, kenako amakwera kayaki pa madzi olekeza m'chifuwa, amaigubuduza dala, amaigwira osaitaya, amaitembenuza, amakweranso, mpaka mantha atasanduka kuseka. Amaphunzira kuponyera mnzawo chigubu kapena chingwe m'malo momulumphira, poti womira amakoka womupulumutsa. Masiku otsatira amayamba kupalasa, motsata gombe osati molunjika pakati, ndipo popita amayamba ndi mbali yochokera mphepo kuti pobwerera, manja atalema, iwakankhe kumsana. Akazolowera amasamukira pa bwato, chifukwa bwato ndi limene adzakhale nalo moyo wawo wonse, ndipo amachitanso zonse zija ndi chipika cholemeracho: kuligwira, kulikapa, kulikwera kuchokera kumapeto osati pambali.

Pa mchenga pazikhala anthu awiri. Mmodzi ndi mphunzitsi wa satifiketi, wodziwa za majekete ndi kutsitsimutsa munthu amene wamwa madzi. Wina ndi msodzi wamkulu wa pa dooko limenelo, amene mmawa uliwonse azinena ngati ana alowe m'madzi kapena ayi, n'kufotokoza chifukwa chake anawo akumva. Iye akakana, phunziro la tsikulo lizichitikira pansi pa mtengo, ngakhale nyanja ikuoneka ngati galasi. Ndipo pa ndandanda wa malipiro, dzina lake lilembedwe pa mzere umodzi ndi la mphunzitsi wa satifiketi uja, ndalama zake zofanana.